"Nanga inu munali kuti?": Mikangano ya ndale pa lamya ndi malamulo a intaneti ku Chikomeni

Ku Chikomeni, kufupi ndi nkhalango ya Lukusuzi, nkhani za ndale sizidikiranso basi yocokera ku Chipata kapena nthawi ya nkhani pa wailesi. Zimafika pa lamya ya m'manja. Mnyamata amene wagula kabandulo kake amalandira mau ojambulidwa pa WhatsApp, nawatsegulira anzake pa kantemba, ndipo dzuwa lisanalowe mauwo amakhala atamveka m'midzi ingapo, m'Cicewa ndi m'Citumbuka momwe. Derali linali m'boma la Lundazi mpaka caka ca 2018, pamene linagwera m'boma latsopano la Lumezi. Ndi dera la alimi a cimanga, nshawa, soya ndi thonje, kutali ndi Lusaka, koma mikangano ya ku Lusaka imafikako tsiku lomwelo.

Amene amamvetsera mikangano imeneyi, kaya pa Facebook, m'magulu a WhatsApp a chalichi ndi a alimi, kapena m'mapulogalamu oimba lamya pa mawailesi a m'madera monga Radio Chikaya ya ku Lundazi, amadziwa kumene imathera. Wina akadzudzula boma pa mtengo wa unga, mnzake samuyankha za unga. Amamufunsa kuti: nanga inu munali kuti pamene anu anali kucita zomwezi? Winayo nayenso amabweza kuti: si inu kodi munali kulira nazo dzana, lero mwakhaliranji cete?

Mlimi aliyense amamudziwa wogula mbeu amene amayenda ndi meda ziwiri, yaikulu yogulira ndi yaing'ono yogulitsira. Cimene anthu akunenezana pa lamya ndi comweco: kuti andale, pamodzi ndi owatsatira, ali ndi muyeso wina wa iwo eni ndi wina wa adani ao. Mlanduwu si wongopeka. Mbiri ya malamulo okhudza lamya ndi intaneti m'dziko lino ikuuonetsa poyera, ndipo ndi bwino kuti omvera athu aidziwe mwa ndondomeko yake, popeza malamulowo amakhudza aliyense wogwira foni.

Lamulo la 2021 ndi tsiku la masankho

Mu Ogasiti 2018, nduna za boma la Patriotic Front zinavomereza zakuti munthu azilipira 30 ngwee pa tsiku poimba lamya kudzera pa intaneti, monga pa WhatsApp. Anthu anakwiya, ndipo msonkhowo sunayambe kugwira nchito. Koma kucokera pamenepo zinadziwika kuti boma layamba kuyang'ana lamya ya m'manja ndi diso lina.

Mu Malichi 2021, kutatsala miyezi isanu kuti masankho acitike, mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, malemu a Edgar Lungu, anasaina lamulo la Cyber Security and Cyber Crimes Act. Boma linati colinga ndi kuteteza anthu ku mbava za pa lamya, kwa otukwana anzao ndi kwa ofalitsa zithunzi zolaula za ana. Mavuto amenewa analipodi, ndipo alipobe: ndi ocepa amene sanalandirepo uthenga wonama wowauza kuti atumize ndalama pa nambala yacilendo. Komabe lamulolo linapatsanso boma mphamvu zomvetsera mauthenga a anthu, nilikakamiza makampani a lamya kuika zipangizo zothandizira nchitoyo. A Hakainde Hichilema, amene pa nthawiyo anali mtsogoleri wa cipani cotsutsa ca UPND, analidzudzula kwambiri. Iwo anati lamulolo silinali la kuteteza anthu koma lotseka pakamwa ndi kuzonda nzika, ndipo analonjeza kudzalicotsa.

Pa Cinai, pa 12 Ogasiti 2021, tsiku loponya voti, WhatsApp, Facebook, Twitter ndi Instagram zinaleka kugwira nchito kwa anthu ambiri m'dziko lonse. Kabungwe ka Chapter One Foundation kanakasuma ku khoti lalikulu, ndipo khotilo linalamula kabungwe ka boma koyang'anira za lamya ndi intaneti, ka ZICTA, kuti katsegule. Mu 2022 mbali ziwirizo zinagwirizana pamaso pa khoti kuti ZICTA sidzacitanso cinthu cotere kunja kwa mphamvu zimene lamulo limaipatsa. A Hichilema anapambana masankhowo ndi mavoti oposa 2.8 miliyoni, kusiyana ndi a Lungu ndi mavoti pafupifupi 1 miliyoni. Ambiri mwa ovota anali acinyamata amene anakulira pa lamya.

Malamulo a 2025

Lamulo la 2021 linacotsedwadi, koma m'malo mwake munalowa awiri. Mu Epulo 2025 a Hichilema anasaina Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act. Loyambalo linakhazikitsa kabungwe katsopano, Zambia Cyber Security Agency, pansi pa ofesi ya mtsogoleri wa dziko, ndipo linasunga mphamvu zomvetsera mauthenga. Laciwirilo linandandalika milandu ya pa intaneti ndi zilango zake. Mwezi womwewo ofesi ya kazembe wa dziko la America ku Lusaka inacenjeza nzika zake kuti mauthenga ao angathe kumvetseredwa. Kabungwe ka maloya ka Law Association of Zambia kanatsutsa malamulowo nikapita nao ku khoti, ponena kuti akuphwanya ufulu wa kulankhula ndi wa cinsinsi ca munthu.

Boma linayankha kuti palibe wapolisi amene angamvetsere lamya ya munthu mwacisawawa, popeza afunika cilolezo ca khoti, ndi kuti maiko ambiri ali ndi malamulo otere. Otsutsa anati mau ena a m'malamulowo ndi otambalala kwambiri, kotero kuti wolamula angathe kulowetsamo ciliconse cimene sicimukomera.

Apa ndi pamene meda ziwiri zija zimaonekera bwino. Mfundo zimene a UPND ananena poteteza malamulo a 2025 zikufanana ndi zimene a PF ananena mu 2021. Mfundo zimene a PF ananena potsutsa mu 2025 zikufanana ndi zimene a UPND ananena mu 2021. Anthu anasinthana mipando, mau anatsala pa mipando pomwepo. Ndi momwemonso zinakhalira ndi malaiti. Mu 2019 boma la PF linati madzi acepa ku Kariba cifukwa ca cilala, otsutsa nakana kuti vuto ndi utsogoleri. Mu 2024, cilala cina citagwa, wonena za madzi anali amene anakana poyamba. Pa misonkhano ya zipani naponso, a UPND anadandaula zaka zambiri kuti apolisi akuwaletsa kusonkhana pogwiritsa nchito lamulo lakale la Public Order Act la 1955, ndipo mu 2023 ndi 2024 dandaulo lomwelo linacokera kwa zipani zotsutsa boma lao. Tisadzipatule ife a nkhani: mawailesi a boma akhala akunenedwa kuti amakondera olamula, ndipo wonenayo nthawi zonse amakhala amene ali kunja kwa boma.

Pofuna cilungamo, tinenenso cimene cinasintha. Gawo 69 la malamulo a milandu, limene kucokera mu 1965 linali kulanga munthu wonyoza mtsogoleri wa dziko ndi ndende ya zaka zofika zitatu, linacotsedwa pa 23 Disembala 2022, tsiku lomwe cilango ca imfa cinathetsedwa. Gawoli linagwira anthu wamba pa maboma onse awiri. Mu 2018 dokotala wina wa ku cigawo ca Kumadzulo anaweruzidwa zaka zitatu cifukwa ca zimene analemba pa Facebook zokhudza a Lungu. Mu 2020 apolisi anagwira mnyamata wa zaka 15 ku Kapiri Mposhi pa mlandu wofananawo. Mu 2022, lamulolo lisanacotsedwe, amuna awiri a ku cigawo ca Luapula anapatsidwa zaka ziwiri cifukwa ca kanema wa pa TikTok wonyoza a Hichilema. Wotsatira cipani amakumbukira mlandu umodzi mwa imeneyi naiwala ina. Kucotsa gawo 69 kunali kusunga lonjezo, ngakhale kuti milandu ina, monga kuipitsa mbiri ya munthu ndi kuutsa anthu kuti aukire boma, inatsalabe m'buku la malamulo.

Anthu a ku Chikomeni anaziona zimenezi pakhomo pao. Mu 2021 dera la Lumezi linasankha a Munir Zulu, oima paokha, kukhala woliimira ku nyumba ya malamulo. Mu 2025 khoti la ku Lusaka linawapeza olakwa pa mlandu woipitsa mbiri ya akuluakulu a boma, kuphatikizapo nduna ziwiri, amene iwo anawanenera za ziphuphu mu 2023, ndipo anapita ku ndende. Mpando wao unakhala wopanda munthu, ndipo masankho apadera a mu Juni 2025 anapambana ndi a Lufeyo Ngoma a UPND. Ena anati lamulo lagwira nchito yake, pakuti munthu sanenera mnzake za kuba popanda umboni. Ena anati lamulo lili ndi maso, limaona otsutsa okha. Mkanganowu unayenda pa mafoni kuposa m'manyuzipepala, amene safika kawirikawiri kumidzi.

Kudzudzula ndi kutukwana

Akuluakulu ambiri kumidzi, akafunsidwa za malamulo a intaneti, sayambira pa ufulu wa kulankhula. Amayambira pa ulemu. Amati lamya yabweretsa mwano: mwana wobadwa dzulo akutukwana munthu wa msinkhu wa agogo ake, mkazi wa mwini akujambulidwa osadziwa, za m'nyumba zikufalitsidwa ku dziko. Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo andale a mbali zonse amalidziwa. Ndiye cifukwa cake boma lililonse likafuna lamulo lotere limachula mwambo ndi cikhalidwe cathu. Kucokera mu 2016 malamulo aakulu a dziko lino amachulanso makhalidwe abwino pakati pa mfundo zoyendetsera dziko.

Koma mwambo umene ukuchulidwawo sunaletsepo kudzudzula wamkulu. Unangoika njira yake. Pakati pa Acewa, gule wamkulu, amene kabungwe ka UNESCO kanamuzindikira mu 2005 ndipo amaoneka caka ndi caka pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete, si wosangalatsa cabe. Nyimbo zake zimakantha waulesi, wacigololo, woumira ndi wolamula mwankhanza, ndipo cilombo cikatuluka palibe amene amafunsa dzina lake. Wina anganene kuti mnyamata wolemba pa Facebook ndi dzina labodza akucita zomwezo. Kusiyana kwake n'kwakuti gule ali ndi eni ake. Satuluka popanda cilolezo ca mwini mzinda, ndipo akapyola malire pali akulu omubweza. Dzina labodza la pa intaneti lilibe womubweza kufikira tsiku limene apolisi afika.

Cimbuya naco cimaphunzitsa kanthu. Munthu wa Kum'mawa ndi Mbemba amanyozana pamaliro ndi paukwati, amapakana unga, ngakhale bwana amasekedwa ndi wanchito wake, ndipo palibe wokwiya. Cinsinsi cake n'cakuti zimabwezedwa: wondiseka lero ndidzamuseka mawa, ndipo tonse tidziwa malire. Cimbuya ndi meda imodzi. Komanso cili ndi eni ake. Atonga amacita cimbuya ndi Alozi, osati ndi anthu a Kum'mawa. Nthabwala imene ingaseketse pamaliro ku Lundazi, ikajambulidwa ndi kutumizidwa kwa munthu amene si mbuya wako, imasanduka citonzo ca mtundu, ndipo gawo 70 la malamulo a milandu limalanga munthu woonetsa cidani kapena kunyoza ena cifukwa ca mtundu wao kapena kumene acokera. A Chishimba Kambwili, amene anakhalapo nduna m'boma la PF, anaweruzidwa miyezi isanu ku Kasama mu 2023 cifukwa ca mau amene ananena mu 2021 okhudza anthu a ku cigawo ca Kum'mwera. Pa mlandu umenewunso mafoni anagawikana: ena anafunsa cifukwa cake sanaweruzidwe pamene cipani cao cinali m'boma, ena nafunsa cifukwa cake onyoza mitundu ina sagwidwa msanga cimodzimodzi. Mafunso onse awiri ndi oyenera, ndipo limodzi silifafaniza linzake.

Ndiye pali bwalo la kwa nyakwawa. Kumeneko mlandu sukambidwa mwini wake palibe. Wodandaula amalankhula, woimbidwa mlandu amayankha, mboni zimaitanidwa, ndipo wolakwa akalipira nkhuku kapena mbuzi anthu amabwerera kumudzi umodzi. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndiko kunena kuti wamkulu amalandira mau otentha nawaziziritsa, sawathira mafuta. Mtsogoleri amene achula mwambo pofuna ulemu ayenera kulandiranso mbali imeneyi ya mwambowo. Ndipo nyakwawa imene iweruza mphwake mosiyana ndi mwana wa mkamwini pa mlandu umodzi, anthu saitsutsa pamaso, koma amaleka kubweretsa milandu pa bwalo lake.

Zimene lamya yasintha

Mau a pa kantemba amauluka ndi mphepo. Mau a pa lamya amakhala. Ici ndico cagwira andale ambiri. Kale munthu anali kukana kuti sananene, koma lero kanema wa zaka zisanu zapitazo amatulutsidwa m'mawa womwewo naikidwa pambali pa mau atsopano. Pa ici lamya yathandiza anthu wamba, pakuti yawapatsa cikumbukiro cimene kale cinali m'manja mwa olemba nkhani okha. Koma cikumbukiro comweco cimagwiranso mlimi. Nambala iliyonse ya lamya m'dziko lino imalembetsedwa ndi citupa ca mwini wake, cimene ambiri amacicha reji. Wolemba ndi dzina labodza sabisala monga aganizira, ndipo amene wabwereketsa reji yake kuti mnzake agulire nambala angathe kufunsidwa za mau amene sanalankhule.

Cina n'cakuti mau ojambulidwa alibe mboni. Womvera sadziwa amene walankhula, liti, kapena cimene cinadulidwa patsogolo ndi pambuyo. Masiku ano pali ngakhale makompyuta otha kutsanzira mau ndi nkhope ya munthu. Kumudzi kumene foni yaikulu ndi imodzi pa mabanja angapo, mwini foniyo amakhala ngati wailesi ya mudzi wonse, koma wailesi yopanda mkonzi. Zimene iye wasankha kutsegula ndizo zimene anthu amamva, ndipo kawirikawiri amatsegula zokomera cipani cake. Kutumiza uthenga kwa ena nakonso ndi kufalitsa. Munthu asadzinamize kuti popeza sanaulembe yekha ndiye kuti alibe mlandu.

Funso lakuti "nanga inu munali kuti" lili ndi nchito yake. Limakumbutsa wolamula lonjezo lake, ndipo limacititsa manyazi amene dzulo anali kuombera m'manja cimene lero akulira naco. Caona mnzako capita, mawa ciona iwe: a Hichilema anakhala m'ndende miyezi inai mu 2017 pa mlandu woukira boma umene pambuyo pake unasiyidwa, ndipo ena mwa amene anasekerera tsiku limenelo anadzaona okha zitseko za makhoti pambuyo pa 2021. Koma funsoli likakhala yankho la ciliconse, limapha nkhani. Mai amene wafunsa cifukwa cake fataleza wacedwa safuna kumva kuti mu 2019 anacedwanso. Wofunsa za ndalama za citukuko ca dera, za CDF, zimene zinakwera kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, afuna kudziwa mjigo ndi cipinda ca sukulu zimene zamangidwa kwao. Kumuuza kuti a kale anaba zambiri ndi kumuuza kuti asafunsenso. Pamenepo zipani ziwiri zimene zimaoneka ngati zikumenyana zimakhala zikuthandizana, pakuti ciliconse cikubisala kumbuyo kwa zolakwa za cinzake.

Ndi cifukwa cake lamulo la intaneti liyenera kuwerengedwa ndi funso limodzi, kaya munthu avala zofiira kapena zobiriwira: kodi ndingakondwe mphamvu imeneyi itakhala m'manja mwa amene sindinawavotere? Aphungu a PF amene anavomereza lamulo la 2021 sanadzifunse, ndipo patapita miyezi yowerengeka linali m'manja mwa adani ao.

Kwa anthu a ku Chikomeni nkhaniyi ili ndi mbali imene a ku Lusaka saiganizira. Mu Julaye 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kucokera ku Liwonde kupita ku nkhalango ya Kasungu m'dziko la Malawi, imene imacita malire ndi maboma a Lundazi ndi Lumezi. Kucokera pamenepo alimi a m'malire akhala akudandaula za njovu zolowa m'minda ndi kugumula nkhokwe, ndipo anthu ena anataya miyoyo. Njovu zikaoneka usiku, cenjezo limayenda pa foni yomweyo imene masana inali kunyamula mikangano ya zipani. Pa foni yomweyo mwana wa ku Lusaka kapena ku migodi amatumizira makolo ndalama ya mankhwala, ndipo mlimi amafunsira mtengo wa soya ku Chipata asanakumane ndi wogula wa meda ziwiri. Pamene mauthenga anatsekedwa mu Ogasiti 2021, sanatsekedwe a ndale okha. Ndipo m'gulu la WhatsApp limene anthu ayamba kuopa kulankhula, kapena limene theka la mudzi latulukamo cifukwa ca kutukwanizana, cenjezo la njovu limafika kwa ocepa.